Mwendo waufupi pa mbendera ya alamu anga

Lolemba m'mawa alamu anga a Barnaba anafika pakhonde panga ku Chipyela, pachilumba pathu pano, atanyamula zinthu ziwiri, pepala lopinda ndi chingwe. Anali atayenda pansi kuchokera ku Yofu ndi bondo lawo lodwala lija. Ndinadziwiratu kuti nkhani ilipo. Munthu wa bondo lotero sayendera moni.

Ine ndinali kulemba dzina pa thabwa la boti. Ndiyo ntchito yanga. Maina a maboti, zikwangwani za magolosale, nthawi zina nsomba kapena kapu ya tiyi pakhoma. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Burashi sindinaisiye.

Anatambasula pepala lija. Anali atajambulapo amuna asanu a gule wa malipenga. Makabudula, masokosi ofika m'mawondo, ndodo m'manja. Onse asanu anaima chilili, miyendo pamodzi, maso kutsogolo.

Ndinafunsa ngati akudikira sitima.

Anati akuvina.

"Alamu, awa akuvina? Usipa wa pathandala umagwedezeka kuposa awa."

Sanaseke. Anakweza chingwe chija. Anati mwendo uliwonse anauyeza, wamanja ndi wamanzere, palibe wopambana unzake. Mikono chimodzimodzi. Ndiye cholakwika chili pati?

Cholakwikacho anali atachigwira m'manja.

Ndikuuzeni za munthuyu. A Barnaba anakwatira mlongo wanga Agnesi. Anagwira ntchito ku Bulawayo zaka zambiri. Atabwerera kumudzi analowanso m'gulu la malipenga la kwawo, lomwe ife kuno timalitcha boma, ndipo ankavina mzere wakutsogolo. Chaka chatha bondo linakana. Kuchipatala anawauza kuti za kuvina aiwale.

Mwamuna wa malipenga akasiya kuvina amapita kuti? Mipando ya akuluakulu ili ndi eni ake. Ng'oma zili ndi eni ake. Chotsala ndi kuima kunja kwa bwalo pamodzi ndi ogulitsa zitumbuwa.

Ndiye mwayi unapezeka. Mbendera yakale ya boma inadyedwa ndi chiswe. Akuluakulu anati amene akonze yatsopano ndi yemwe aziinyamula polowa m'bwalo. Wonyamula mbendera savina. Amangoyenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa onse. Bondo lowuma lingathe zimenezo. A Barnaba anaimika mkono, nati ajambulapo munthu wovina. Kujambula anali atayamba miyezi ingapo yapitayo, atakhala pakhomo osowa chochita.

Anawapatsa mpaka Lachisanu. Chithunzi chikakanidwa, nsalu ipita kwa telala akasokepo malemba okha, ndipo kumapeto kwa mwezi, alendo a ku Khuyu akadzabwera kudzapikisana nawo, a Barnaba adzaonerera ali kunja.

Ndinati ndiwajambulire ine. Anakana. Anati mbendera ya manja a munthu wina sangainyamule.

Chabwino. Ndinawalanda chingwe, ndi kuchiika m'thumba la malaya awo omwe. Ndinati chisatulukenso.

Lachiwiri m'mawa tinapita kugombe pomwe maboti amatsitsa katundu. Ndinatenga makala ndi mapepala a matumba a simenti. Pepala labwino limaopsa munthu wongoyamba kumene. La simenti saliopa.

Ndinawaonetsa bambo wina amene ankakoka boti ndi chingwe. Ndinati ajambule. Anayamba ndi diso.

Onse amatero. Diso, mphuno, kenako mabatani. Pofika kumiyendo, wojambulidwayo anapita kale kwawo kukadya.

Ndinati ayi. Mzere umodzi basi. Uyambe pamutu, utsike ndi msana, ukathere kuphazi lomwe laponda pansi. Ndiwerenga mpaka khumi, ndikamaliza makala achoke papepala.

Anati mzere umodzi si munthu.

Ndinati ajambule kaye.

Anajambula makumi awiri. Oyambawo anali owongoka ngati mizati ya magetsi. Cha m'ma khumi ndi asanu mzere unayamba kupinda. Wa makumi awiri unali munthu wokoka boti. Analibe nkhope, analibe zala, koma ankakoka. A Barnaba anauyang'ana nthawi yaitali.

Inu amene mukuphunzira kujambula, imvani pano. Kuyenda kwa munthu kuli mu msana. Msana ukawongoka papepala, ngakhale mumupatse mikono isanu ndi umodzi, waima. Yambani ndi mzere umenewo. Nkhope imadikira.

Chachiwiri, funsani kuti thupi lonse lasenzedwa ndi phazi liti. Munthu woyenda sasenza thupi ndi mapazi onse awiri. Limodzi limagwira ntchito, linzake lili paulendo. Pezani logwira ntchitolo. Ndiye onani mapewa ndi chiuno. Mayi wosenza ndowa akamakwera mtunda wa kumsika, chiuno chikakwera mbali iyi, phewa limatsika mbali yomweyo. Sizigona mofanana ngati mashelefu a m'golosale. Zikagona mofanana, mwajambula chitseko.

Zimenezi a Barnaba anazimva msanga, poti thupi lawo limazidziwa. Zaka makumi anayi akuvina. Chovuta chinabwera pambuyo.

Ndinabwereka nkhafi kwa mwini bwato wina. Ndinaima patali pang'ono, ndi kuigwira chopingasa. Ndinafunsa kuti ndi yaitali bwanji. Anati ngati munthu wamfupi. Ndinaitembenuza pang'onopang'ono mpaka nsonga inaloza pamphuno pawo. Ndinafunsanso.

Anati ndi yomweyo.

Ndinati sindikufunsa zomwe akudziwa. Ndikufunsa zomwe akuona.

Anatsinzina diso limodzi. Kenako anati, monyinyirika, ikuoneka ngati chikhatho.

Nkhani yonse ndi imeneyo. Chinthu chikaloza kwa iwe chimafupika. Nkhafi, mkono, mwendo. Mbali yomwe ili pafupi nawe imakula, yakutali imachepa, ndipo yapafupiyo imabisa yakumbuyo. Mutu umakana, umati ine ndikudziwa kuti mwendo ndi wautali. Diso limati chabwino, koma lero ndi waufupi. Wojambula amvere diso.

Ndinawauza aganize za thupi ngati zitini zolumikizana. Ntchafu ndi chitini. Katumba ndi chitini. Chitini ukachiona cham'mbali ndi chachitali. Ukachiona chakukamwa ndi chozungulira basi. Mwendo wokankha kubwera kwa iwe ndi zitini ziwiri zoyang'ana kukamwa, china kuseri kwa chinzake, phazi lili patsogolo ngati chivundikiro.

Chomaliza tsiku limenelo chinali chophweka, chifukwa ife a pachilumba tili nacho chaulere. Pomwe madzi amakumana ndi thambo pali mzere. Ukaima, mzerewo umadula anthu a pagombe cha m'mitu. Ukanjuta, umawadula m'mawondo. Mzerewo umatsata maso ako. Zonse zomwe zili pamwamba pake umaziona chapansi, zomwe zili pansi pake umaziona chapamwamba. Musanajambule munthu, dziwani kaye kuti inuyo muli pati. Mwaima? Mwakhala? Osayamba mutaima ndi kumaliza mutakhala.

A Barnaba anafunsa kuti nanga wovina malipenga amaoneka bwino uli pati.

Ndinati ayankhe okha. Ndiwo ovina.

Anati sadziwa. Iwo ankakhala mu mzere.

Mawu amenewo ndinawasunga.

Lachitatu ndinapita ku Yofu ndine. Tinaitana a Petulo, msodzi, bambo wa ana anayi. Ndiwo analowa malo a a Barnaba mu mzere wakutsogolo. Ndinaona nkhope ya alamu anga itauma atawaona akubwera. Kujambula munthu amene waima pamalo pako si ntchito yopepuka. Koma panalibe wina woponya mwendo bwino kuposa iwowo, ndipo a Barnaba ankadziwa.

Ndinakhazika a Barnaba pansi, padothi, mwendo wodwalawo atautambasula. A Petulo ndinawaimika mapazi asanu kutsogolo. Ndinati aponye mwendo monga amachitira ng'oma yaikulu ikagunda, thupi kupendekera kumbuyo, ndodo m'mwamba, ndipo aime pomwepo.

A Petulo anati iwo si kakowa.

Anaponya, nagwa. Anaponyanso. Agnesi anatuluka m'nyumba kudzaseka. A Petulo anati akadadziwa akadapita kunyanja, chifukwa kukoka ukonde wa chilimira sikutopetsa chonchi. Ndinati asaime ndiye, azingoponya mobwerezabwereza, wojambula azigwira pang'onopang'ono. Kuponya koyamba, mzere wa msana. Kwachiwiri, phazi loponda pansi. Kwachitatu, chachikulu ndi chiti?

A Barnaba anati phazi.

Ndinafunsa kuti lalikulu bwanji.

Anatenga kaudzu, natambasula mkono, natsinzina diso monga ndinawaphunzitsira. Anayeza phazi, anayeza mutu. Anabwerezanso, poganiza kuti alakwitsa. Phazi linali lalikulu kuposa mutu. Ntchafu sinkaoneka n'komwe, bondo linaibisa.

Dzanja lawo linapita kuthumba la malaya, kuli chingwe. Ndinatsokomola. Linabwerera.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinatha mapepala onse a simenti, Agnesi nang'amba katoni. Dzuwa litafika pamutu a Petulo anati mwendo wawo wamanja tsopano ndi waufupidi. Koma pa katoni yomaliza panali munthu. Ankatuluka m'katonimo kubwera kwa iwe. Ukayang'ana, mutu umafuna kuzinda.

Sindikunama kuti chinali chokongola. Dzanja logwira ndodo linali ngati phava la nthochi. Nkhope sinali ya a Petulo, sinali ya munthu aliyense wa pachilumba pano. Koma ankavina.

A Barnaba anafunsa a Petulo ngati akufuna madzi. Aka kanali koyamba kuwayankhula mwaulemu chichokereni mu mzere.

Lachinayi anakopera pansalu ndi makala. Penti ndinati idikire akuluakulu.

Ndisanakuuzeni za Lachisanu, ndili ndi funso. N'chifukwa chiyani ife tikamajambula munthu timayamba tamupha?

Onani zithunzi zomwe zili m'makoma a nyumba zathu. Bambo anga anagwira ntchito ku Joni. Chithunzi chawo ndili nacho chimodzi. Suti, chipewa, manja m'mbali, aima pafupi ndi galimoto ya munthu wina. Bambo amenewo ine sindiwadziwa. Amene ndimawadziwa ankakwera mtengo wa mango ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Ankapalasa bwato ataweramira kutsogolo ngati akukangana ndi madzi. Amenewo palibe anawajambula. Nyumba zambiri kuno n'chimodzimodzi. Amuna oima chilili ochokera ku Joni ndi ku Halale, kutumiza kumudzi umboni woti ali bwino.

Sindikuwanena. Ankafuna ulemu, ndipo ulemu kwa ife ndi kuima mowongoka. Koma tinatengera. Lero aliyense ali ndi foni yojambula, koma mawu ndi omwe aja: imani bwino. Munthu amene ankaseka amatseka pakamwa. Amene ankasenza amatula. Amene ankavina amaika miyendo pamodzi. Tikatero timati chithunzi chatuluka bwino.

Pitani kusukulu mukaone pakhoma. Mlimi wagwira khasu ngati akuligulitsa. Wosewera mpira waima, mpira uli pambali ngati si wake. Ana amakopera zomwezo. Akajambula mwendo umodzi waufupi, wina amawauza kuti alakwitsa, afufute. Amafufuta. Ena amasiyiratu.

Ndisaloze ena okha. Pakhoma la tiyirumu ina ku Chipyela pali bambo wogwira kapu. Ndinamujambula ine zaka zapitazo. Mkono uli cham'mbali, wowongoka ngati chikwangwani cha pamsewu. Ndinkadziwa kuti munthu wopereka tiyi amatambasula mkono kubwera kwa iwe, kapu n'kukula, mkono n'kufupika. Ndinkadziwa bwino. Koma ndinaopa kuti mwini tiyirumu anena kuti ndamulumaza munthu wake. Ndinajambula chomwe sichingadzutse mlandu. Ndimadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo ndimayang'ana kumbali.

Tsono Lachisanu masana.

Boma limayeserera pansi pa mlambe waukulu ku Yofu. Malo ake amakhala motere, ndipo musaiwale: ovina amaima m'mizere, akuluakulu amakhala pamipando cham'mbali, amayi amakhala pansi kutsogolo. Zakhala choncho chiyambire.

Mkulu wa boma, amene timamutcha kingi, ndi a Yohana. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wosapsa mtima, koma mawu awo sabwezedwa. A Barnaba anatambasula nsalu, anthu awiri naigwira m'makona.



A Yohana anaimirira, nayandikira, naloza ndi ndodo yawo. Anafunsa kuti ntchafu ya munthuyu ili kuti. A Barnaba anati ili kuseri kwa bondo. Anafunsa chifukwa chake phazi latupa chonchi. Wina kumbuyo anati mwina waponda chinkhanira. Anthu anaseka.

A Yohana sanaseke. Anayankhula motsitsa mawu.

"A Barnaba, tonse tikudziwa za bondo lanu, ndipo tinamva chisoni. Koma mbendera ndi ya boma. A ku Khuyu akadzaona izi adzati a ku Yofu atsogoza wolumala. Adzatiimba nyimbo chaka chathunthu. Talikitsani mwendowo ufanane ndi unzake, apo ayi nsalu ipite kwa telala."

Ndinayang'ana alamu anga. Iwo sanajambule bondo lawo. Koma anthu onse pamenepo tsopano ankaona bondo lawo pansalupo. Dzanja linapita kuthumba. Ulendo uno chingwe chinatuluka. Anati palibe vuto, ndi makala chabe, afufuta.

Ine ndinalibe mawu pamenepo. Si boma langa, si mudzi wanga. Ndipo ndinali munthu wa tiyirumu uja.

Amene anayankhula anali Agnesi. Anali pansi pamodzi ndi amayi anzake, ndipo sanaimirire.

"Pepani a kingi, ndilankhuleko. Inu mwavina zaka zonsezi, koma gule ameneyu simunamuonepo. Mumaona msana wa mnzanu ndi phewa la mnzanu. Mukakhala pampando mumaona cham'mbali. Amene timamuona kumaso ndife. Phazi limabwera chonchi ndithu. Amuna angawa ndinawadziwira kuphazi, nkhope ndinaiona pambuyo."

Amayi anaseka, ena naombera m'manja. Mayi wina wachikulire anati n'zoona, iye fumbi la nsapato za a Yohana analidya zaka makumi atatu, ndipo phazi lawo linali lalikulu kuposa limenelo.

A Yohana anati amayi sadziwa za mbendera.

Agnesi anati n'kutheka, koma pansi pano malo alipo.

Apa ndiye panali povuta. Kingi sakhala padothi pakati pa amayi. Palibe lamulo lolembedwa, koma palibe anazionapo. Akanatha kungonena kuti nkhani yatha, ndipo ikanatha. Anayang'ana nsalu. Anayang'ana a Barnaba ndi chingwe chawo m'manja. Anayang'ana mpando wawo.

Kenako anapereka ndodo kwa munthu, natsika pang'onopang'ono, dzanja limodzi pansi, mpaka anakhala. Mayi wina anafuna kuwayalira chitenje. Anakana.

Anati a Petulo abwere. Anati ng'oma igunde.

Ng'oma inagunda. A Petulo anabwera ndi sitepe yawo, thupi kumbuyo, ndodo m'mwamba, naponya mwendo mapazi asanu kuchokera pamphuno ya kingi. A Yohana anazinda. Mutu unabwerera m'mbuyo wokha, chipewa chinagwa.

Palibe anaseka. Tonse tinadikira.

Anatola chipewa, nachikuntha. Anati abwereze. A Petulo anabwereza. Ulendo uno a Yohana sanazinde. Anatsinzina diso limodzi, wosawauza munthu. Anayang'ana a Petulo, anayang'ana nsalu, anayang'ananso a Petulo.

Anati awadzutse. Atawadzutsa anadzikuntha fumbi nthawi yaitali, kuposa fumbi lomwe linalipo.

"Ntchafu kulibedi," anatero. "Pentani. Koma pansi pa nsapatoyo pakhale poyera. A ku Khuyu asadzati timavina ndi nsapato zobooka."

Basi. Mlandu unathera pomwepo. Anabwerera pampando wawo, wezulo inalira, mizere inayamba.

A Barnaba anapinda nsalu mosamala ngati ya paguwa. Sanandiyang'ane. Anangoti penti yoyera ndibwere nayo Lolemba, ndipo dzanja lija la nthochi ndiwathandize. Ndinati dzanja akonza okha, ine ndingoloza.

Pobwerera ku Chipyela ndinkaganiza. A Yohana si munthu woipa, ndipo sananame. Kuchokera pampando wawo miyendo ya wovina ndi yofanana. Zaka makumi asanu akuona choncho. Agnesi nayenso sananame. Gule ndi mmodzi, malo okhala ndi awiri. Kusiyana kwake n'kwakuti wapampando ndi amene amagamula.

Si ku malipenga kokha. Amabwera anthu pa sitima ndi mapepala awo kudzatiyeza. Mtunda wa kuchokera ku Yofu kufika kuchipatala amaudziwa, analemba. Koma anauyezera pa mapu, cham'mbali. Sanauone ukubwera kumaso kwawo ali ndi bondo lowuma, kapena ali ndi mwana wodwala kumsana. Ukawauza kuti njirayi ndi yaitali amatulutsa chingwe. Chingwe sichinama. Koma chingwe chilibe maso.

Ngakhale m'nyumba zathu. Bambo ali pampando, mayi ali pansi, akuyang'ana chinthu chimodzi, akukangana. Ndani anayambapo watsika?

Ndisapitirire. Ine ndi wa burashi, za maulaliki zili ndi eni ake.

Kwa inu ongoyamba kujambula, zanga ndi zochepa. Pezani makala ndi pepala losaopsa. Pitani pomwe anthu akugwira ntchito, osati pomwe aima. Mzere wa msana poyamba. Phazi losenza thupi. Dziwani pomwe maso anu ali, ndipo musasunthe. Chapafupi chikule, chibise chakumbuyo. Mudzaona mwendo ukufupika papepala, mtima udzati fufuta. Osafufuta. Wina adzati mwamulumaza. Musakangane naye. Mukhazikeni pomwe munakhala inu.

Ndipo muononge mapepala ambiri. A Barnaba anaononga thumba lathunthu ndi katoni ya Agnesi, ndipo dzanja likadali nthochi.

Loweruka m'mawa ndinapita kwa mwini tiyirumu uja. Ndinati ndikufuna kukonza mkono wa munthu wake. Anati mkonowo uli bwinobwino, palibe anadandaulapo. Ndinati ndikudziwa. Ndinatenga kapu patebulo, ndi kumutambasulira kumaso. Ndinati atsinzine diso limodzi. Anati ndapenga. Koma anatsinzina. Ndiyamba Lachitatu.

Dzulo potuluka m'tchalitchi ndinakumana ndi alamu anga. Anali atapeza kale nsungwi yaitali ya mbendera, ndipo akhala akuyeserera kuyenda nayo kuseri kwa nyumba, Agnesi akuwaimbira ng'oma pa ndowa. Ndinafunsa za chingwe chija, ngati anachitaya.

Anati ayi. Achidula pawiri. Chimangirira nsalu kunsungwi, china pamwamba, china pansi.

Ndinafunsa ngati zidutswazo n'zofanana.

Anati sanayeze.